Kodi Chithunzi cha pa Blockchain Chingasunge Chihokkien?

Mawu akuti tiyi, amene ngakhale mwana wa Sitandade 1 amawadziwa, adayenda ulendo wautali asanafike pakamwa pathu. Ife tidawatenga kwa Angerezi. Angerezi adawatenga kwa amalonda a ku Holland. Amalondawo adawamva kwa anthu ochokera kugombe la chigawo cha Fujian, kumwera chakum'mawa kwa dziko la China, amene chakumwa chimenechi amachitcha tê. Chiyankhulo cha anthu amenewa ndicho Chihokkien. Kwawo kwenikweni kwa chiyankhulochi ndi mizinda ya Quanzhou, Zhangzhou ndi Xiamen, koma popeza eni ake anali anthu a pamadzi ndi a malonda, chidawoloka nyanja n'kukakhazikika pa chilumba cha Taiwan, ku Singapore, ku Penang m'dziko la Malaysia, ku Medan m'dziko la Indonesia ndiponso ku Manila m'dziko la Philippines. Ochiyankhula lero alipo mamiliyoni makumi angapo, kuposa oyankhula Chichewa tonse titatiphatikiza pamodzi.

Wina angafunse kuti, nanga chiyankhulo cha anthu ochuluka chotere chingakhale bwanji pa ngozi ya kutha? Yankho lili pa msinkhu wa ochiyankhulawo, osati pa chiwerengero chawo. Kalembera wa m'chaka cha 2020 ku Taiwan adaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ndiye ankagwiritsa ntchito Chihokkien monga chiyankhulo chake chachikulu, koma pakati pa ana a zaka 6 mpaka 14 sadafike ngakhale mmodzi mwa khumi. Ku Singapore, kalembera wa m'chaka cha 2010 adapeza kuti anthu 14 mwa 100 alionse ankayankhula panyumba Chihokkien kapena ziyankhulo zina za makolo za Chitchaina zosakhala Chimandarin. Pofika 2020 adatsala osakwana 9. Mudzi wa nkhalamba zokhazokha ungaoneke wodzaza lero, koma wouyang'anitsitsa amadziwa kuti ndi bwinja limene likungodikira tsiku lake.

Pakati pa njira zimene anthu okonda chiyankhulochi aziganizira pali ina yachilendo, imene ndikufuna kuti tiiyese pa sikelo m'nkhani ino. Njirayi ndi yakuti akatswiri a zojambula ajambule pa kompyuta zithunzi zosonyeza mawu, miyambi, zakudya ndi miyambo ya Chihokkien, chithunzi chilichonse chilembedwe m'kaundula wa makina otchedwa blockchain, kenaka chigulitsidwe. Oikira kumbuyo njirayi amati cholembedwa m'kaundulayu sichifafanizika, choncho mawuwo adzakhalapo mpaka muyaya. Amatinso ndalama za malondawo zidzathandiza ntchito yophunzitsa, ndi kuti achinyamata, amene amaona Chihokkien ngati chinthu cha agogo ndi cha kumsika, adzachipeza pa malo amene iwo amawalemekeza. Maganizo anga ndi akuti njirayi ingabweretsedi ndalama pang'ono ndi kunyadira pang'ono, koma payokha siisunga chiyankhulo, ndipo mneni wakuti kusunga akugwiritsidwa ntchito pa chinthu chimene sichimuyenera.

Tiyambe tawamvetsa makinawo, pakuti dzina lake limaopsa kuposa ntchito yake. Mphunzitsi aliyense amaidziwa rejisitala ya kalasi. Tiyerekeze kuti rejisitalayo siisungidwa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu yokha, koma kuti makope ake ofanana ndendende ali m'makompyuta zikwizikwi m'maiko osiyanasiyana. Tiyerekezenso kuti pamwamba pa tsamba lililonse latsopano pamalembedwa nambala imene yawerengedwa kuchokera ku zonse zimene zili pa tsamba lapitalo. Wina atafuna kusintha dzina limodzi pa tsamba lakale, nambala ya tsamba lotsatira singagwirizanenso nalo, ndipo osunga makope enawo angaone msanga kuti pachitika chinyengo. Blockchain ndi imeneyi: masamba omangirizana ngati unyolo. Idayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2009 monga kaundula wa ndalama ya Bitcoin, ndipo mu 2015 kudabwera ina yotchedwa Ethereum, imene imalola kulembamo zinthu zinanso kuwonjezera pa ndalama.

Chimene wogula chithunzi amalandira ndi chizindikiro chotchedwa NFT. Ichi ndi mzere umodzi m'kaundula uja, wonena kuti chinthu cha nambala yakutiyakuti mwini wake ndi uje. Kunena mosabisa, ndi lisiti. Chithunzi chenichenicho aliyense angathe kuchiona ndi kuchikopera, koma lisiti ndi limodzi lokha. Tsono nachi chimene ambiri sachidziwa. Popeza malo m'kaundulayu ndi okwera mtengo, kawirikawiri chithunzicho sichilowamo konse. Chimene chimalembedwa ndi keyala ya malo a pa intaneti kumene chithunzicho chasungidwa. Mwini malowo akaleka kulipira, kapena kampani yosunga ikagwa, lisiti limatsala likuloza nyumba imene idagumuka kalekale. Motero ngakhale lonjezo loyamba lija, lakuti mawu adzakhalapo mpaka muyaya, silili lolimba monga limamvekera.

Koma tiyerekeze kuti lonjezolo ndi loona. Sing'anga wabwino amayamba wafunsa za nthenda asanatulutse mankhwala, ndipo nthenda ya Chihokkien si kusowa posungira mawu. Walter Henry Medhurst adalemba buku lotanthauzira mawu a Chihokkien lokhala ndi chaka cha 1832, ndipo Carstairs Douglas adatulutsa lina lalikulu mu 1873. M'chaka cha 1885 Thomas Barclay adayambitsa ku Tainan nyuzipepala ya mpingo yolembedwa m'Chihokkien ndi malembo a Chiroma, m'kalembedwe kotchedwa Pe̍h-ōe-jī, ndipo iyi ndiyo idali nyuzipepala yoyamba kusindikizidwa pa chilumba cha Taiwan. Masiku ano Unduna wa Maphunziro ku Taiwan uli ndi buku lotanthauzira mawu pa intaneti, laulere, limene munthu angamveremo katchulidwe ka mawu. Nkhokwe zilipo ndipo n'zodzaza. Chihokkien chidafooka chifukwa ana adaphunzitsidwa kuchita nacho manyazi, ndipo malo amene adaphunzirira manyaziwo ndi kalasi. Pachifukwa ichi nkhaniyi ndi yathu aphunzitsi, ngakhale ikuchitikira kutsidya kwa nyanja.

Ulamuliro wa Japan utatha ku Taiwan m'chaka cha 1945, boma la chipani cha Kuomintang lidakhazikitsa Chimandarin monga chiyankhulo cha dziko. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 mwana wopezeka akuyankhula Chihokkien pasukulu ankalipitsidwa faindi, ankamenyedwa, kapena ankamupachika kachikwangwani m'khosi kuti anzake onse aone mlandu wake. Sadali asilikali ochita zimenezi. Adali aphunzitsi wamba, ambiri a iwo anthu achifundo, amene ankakhulupirira kuti akumuthandiza mwanayo kudzapeza ntchito. Mwana wovala kachikwangwani uja adakula, adakwatira, ndipo atabereka adasankha kuyankhula Chimandarin kwa ana ake kuti asadzaone zimene iye adaona. Chilango cha mphindi zochepa chidagwira ntchito kwa mibadwo itatu. Ena mwa owerenga akudziwa mwambo wonga womwewu m'sukulu za kuno kwathu, pamene mwana woyankhula chiyankhulo cha kwawo m'malo mwa Chingerezi ankapatsidwa chibalo, ndipo sindikufunika kuwafotokozera mmene mwanayo ankamvera mumtima.

Boma lija linkadziwanso malo ena kumene chiyankhulo chimapumira. M'chaka cha 1970 katswiri wa zidole zovala kumanja, Huang Chun-hsiung, adayamba kuonetsa sewero la Chihokkien pa wailesi yakanema, ndipo anthu adalikonda kotero kuti ambiri ankasiya ntchito kuti akaonere. Mu 1974 sewerolo lidachotsedwa, ndipo lamulo la mu 1976 lidapanikiza nthawi imene ziyankhulo za makolo zinkapatsidwa pa wailesi. Tione bwino apa: ofuna kufooketsa chiyankhulo sadavutike ndi mabuku otanthauzira mawu okhala m'mashelefu a anthu ophunzira kwenikweni kuposa mmene adavutikira ndi sewero limene mlimi, wogulitsa pamsika ndi mwana wasukulu ankalimva tsiku ndi tsiku kwaulere.

Ku Singapore njira idali yofatsa, koma zotsatira zake zidali zomwezo. Pakati pa anthu a mtundu wa Chitchaina m'dzikolo, gulu lalikulu koposa ndi la Ahokkien, pafupifupi anayi mwa khumi alionse, pamene oyamwa Chimandarin m'bere adali ochepa zedi. Komabe sukulu zidalamulidwa kuphunzitsa Chimandarin monga chiyankhulo cha makolo cha mwana aliyense wa mtunduwo. Pa 7 September 1979 nduna yaikulu Lee Kuan Yew idatsegula kampeni yolimbikitsa kuyankhula Chimandarin, ndi mfundo yakuti mwana sangasenze Chingerezi, Chimandarin ndi chiyankhulo cha kunyumba nthawi imodzi. Masewero a ziyankhulo za makolo adachotsedwa pa wailesi yakanema. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 ngakhale maina a ana adayamba kulembedwa m'katchulidwe ka Chimandarin, kotero kuti mwana amene kwawo adali Tan, kusukulu ankaitanidwa Chen, ndipo Lim adasanduka Lin. Nayo rejisitala imene idasinthadi chiyankhulo: ya pepala, yowerengedwa mokweza m'mawa uliwonse pamaso pa ana. Mfundo yakuti mwana sangathe ziyankhulo zitatu sindiivomereza, pakuti ana a ku Mangochi, ku Karonga ndi ku Nsanje amaitsutsa tsiku lililonse pa bwalo lamasewero. Chimene chidatsatira m'mabanja ambiri ndi chakuti agogo ndi mdzukulu adakhala m'nyumba imodzi opanda chiyankhulo chocheza nacho mokwanira.

Tsopano tibwerere ku chithunzi chija, ndipo tichifunse funso limene timafunsa chipangizo chilichonse chophunzitsira: kodi mwana achita nacho chiyani? Apa ndi pamene vuto lalikulu laonekera, chifukwa Chihokkien ndi chiyankhulo chimene tanthauzo lake limadalira kwambiri kamvekedwe ka mawu. Ife a Chichewa sitili alendo pa zimenezi. Timadziwa kuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimalembedwa chimodzimodzi, ndipo khutu lokha ndilo limasiyanitsa. Koma pamene Chichewa chimangokweza ndi kutsitsa, Chihokkien cha ku Taiwan ndi ku Xiamen chili ndi mitundu isanu ndi iwiri ya kamvekedwe. Bé ndi kugula. Bē ndi kugulitsa. Malembo ndi omwewo, kusiyana kuli pakhosi, ndipo wolakwitsa kamvekedwe angalowe mumsika monga wogula n'kutulukamo atagulitsa.

Sizithera pomwepo. Phatikizo likatsatidwa ndi linzake m'mawu amodzi kapena m'chigawo chimodzi cha chiganizo, kamvekedwe kake kamasintha motsata malamulo ake, ndipo lotsiriza lokha ndilo limasunga kamvekedwe kake koyamba. Phatikizo lakuti Tâi palokha limamveka chokwera, koma m'dzina lakuti Tâi-oân, ndiko kuti Taiwan, silikweranso. Mwana wokulira pamiyendo ya agogo ake amachita zimenezi osadziwa n'komwe kuti pali lamulo. Wamkulu wophunzira m'buku amatuluka nazo thukuta kwa zaka. Palinso china. Malembo ambiri a Chitchaina ali ndi katchulidwe kawiri m'Chihokkien, kena ka tsiku ndi tsiku, kena ka m'mabuku. Nambala 3 ndi saⁿ powerenga zinthu, koma ndi sam potchula nambala ya telefoni. Ndipo chifukwa malembowo ndi omwe amagwiritsidwanso ntchito m'Chimandarin, mwana wophunzira sukulu ya Chimandarin akaona lembo lomwelo pa chithunzi chokongola adzaliwerenga kuti sān, m'Chimandarin, osadziwa kuti waphonya. Chithunzi chosayankhula chingathe kuphunzitsa chiyankhulo chomwecho chimene chidalanda malo a Chihokkien.

N'zoona kuti NFT ingalozenso ku mawu ojambulidwa kapena ku kanema, ndipo wopanga wanzeru angaikemo liwu la agogo. Izi ndi zabwino koposa chithunzi chosayankhula. Ngakhale kampani ya Meta, pamene idalengeza m'mwezi wa October 2022 makina omasulira pakati pa Chihokkien ndi Chingerezi, idasankha kuti makinawo azimva liwu ndi kutulutsa liwu, chifukwa ochiyankhula ambiri sadaphunzire kuchilemba. Koma liwu likangojambulidwa, blockchain yawonjezerapo chiyani chimene laibulale, wailesi kapena foni ya m'manja sizingachite? Yawonjezera chinthu chimodzi chokha: dzina la mwini.

Pamenepa ndi pamene ndikuona kuti makinawa ndi chiyankhulo zikukokerana mbali zosiyana. Mtengo wa NFT umachokera ku kuchepa kwake. Chikakhala chimodzi pa dziko lonse, ndiye kuti chakwera. Chiyankhulo chimayenda mosemphana ndi zimenezi. Mawu amene amadziwika ndi munthu mmodzi ndi mawu akufa, ndipo mawu amakula mphamvu pamene aliyense awatenga osapempha, kuwapotoza, kuwaseka, kuwatukwanira ndi kutonthozera nawo mwana. Moni wodziwika wa Chihokkien, chia̍h-pá-bōe, amafunsa ngati mnzako wadya kale. Kodi moni ameneyu angakhale ndi mwini? Ngati wamalonda wa ku London kapena ku Hong Kong wagula lisiti la chithunzi cha mwambi wina, agogo amene adausunga mwambiwo pa nthawi ya zikwangwani za m'khosi alandirapo chiyani? Wojambula ali ndi ufulu pa mizere ndi utoto wake, ndipo ayenera kulipidwa. Koma mwambiwo adaupeza, ndipo ndi bwino kuti wogula auzidwe momveka kuti wagula chojambula, osati chidutswa cha chiyankhulo.

Tinenepo za ndalama, popeza ndiyo mfundo yamphamvu ya oikira kumbuyo njirayi. M'mwezi wa March 2021 kampani ya Christie's idagulitsa NFT ya wojambula wotchedwa Beeple pa mtengo wa madola a ku America oposa 69 miliyoni. M'mwezi womwewo NFT ya uthenga woyamba wa pa Twitter, wolembedwa ndi Jack Dorsey, idagulidwa pa madola 2.9 miliyoni. Patangotha chaka chimodzi mwini wake adaiikanso pa malonda, ndipo pamene nthawi ya malondawo inkatha, woitanira mtengo waukulu sadafike ngakhale pa madola 300. Pakati pa January ndi September 2022 malonda a ma NFT adatsika ndi magawo oposa 90 mwa 100. Lonjezo lina limene lidakopa ojambula, lakuti azilandira kagawo nthawi iliyonse pamene chithunzi chagulitsidwanso, nalonso lidafooka, pakuti pofika 2023 misika ikuluikulu, kuphatikizapo OpenSea, idasiya kukakamiza anthu kulipira kagawoko. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kulera mwana mmodzi m'chiyankhulo kumatenga zaka zoposa khumi, ndipo mphunzitsi wa mwanayo amadya mwezi uliwonse. Ntchito yotere siingatsamire pa msika umene umaphulika chaka chino n'kuzilala chaka chamawa.

Ndisamveke ngati ndikunyoza anthu amene akuyesa njirayi. Ambiri a iwo ndi adzukulu a ana aja a zikwangwani, ndipo akugwiritsa ntchito zida zimene m'badwo wawo umazidziwa. Manyazi ndiwo adadwalitsa Chihokkien, choncho chilichonse chimene chimachotsa manyazi chili ndi malo ake. Mnyamata akaona mawu a agogo ake atajambulidwa mwaluso, anthu akuwasirira ndi kuwalipirira, china chake chimasuntha mumtima mwake. Zoterezi zidaonekapo kale ndi zaluso zina: kanema wa Jack Neo wa mu 1998, Money No Enough, wokhala ndi Chihokkien chambiri, adadzaza nyumba za kanema ku Singapore, ndipo mu 2017 Saw Teong Hin adatulutsa You Mean the World to Me m'Chihokkien cha ku Penang. Ngakhale dandaulo lakale lakuti makinawa amadya magetsi ochuluka lidachepa mphamvu, chifukwa mu September 2022 Ethereum idasintha kachitidwe kake n'kutsitsa magetsiwo ndi magawo oposa 99 mwa 100. Koma kunyadira ndi kuyankhula ndi zinthu ziwiri. Angoni a ku Mzimba ndi ku Ntcheu amavina ingoma monyadira, zishango ndi nthenga zili m'malo mwake, nyimbo zina zikadali ndi mawu a Chingoni, koma pobwerera kunyumba ambiri amacheza m'Chitumbuka kapena m'Chichewa. Luso lingapulumuke chiyankhulo chitamira.

Nanga zimene zayesedwa m'kalasi zatiphunzitsa chiyani? Ulamuliro wa asilikali utachotsedwa ku Taiwan mu 1987, zinthu zidayamba kutembenuka. Kuyambira 2001 mwana aliyense wa pulaimale adayamba kuphunzira chiyankhulo chimodzi cha makolo. Mu 2006 Unduna wa Maphunziro udakhazikitsa kalembedwe ka Tâi-lô kuti mabuku a sukulu agwirizane. Lamulo lotukula ziyankhulo za dziko lidayamba kugwira ntchito mu 2019, chaka chomwenso wailesi yakanema ya Chihokkien chokhachokha idatsegulidwa, ndipo kuyambira 2022 phunziroli lidafika ku sekondale. Izi ndi ntchito zazikulu, za boma lathunthu, ndi ndalama zimene malonda a zithunzi sangazilote. Komabe kalembera wa 2020 uja adabwera patatha zaka pafupifupi makumi awiri za maphunzirowa, ndipo tidaona zimene adapeza pakati pa ana. Chifukwa chake sichovuta kuchiona kwa aliyense amene adapangapo ndandanda ya nthawi: phunzirolo lidapatsidwa piriyodi imodzi pa mlungu. Mphindi makumi anayi zingaphunzitse mwana maina a zipatso ndi kanyimbo kamodzi, koma belu likalira amabwerera ku Chimandarin pa masamu, pa masewero ndi pa chakudya chamadzulo.

Katswiri wa ziyankhulo Joshua Fishman, m'buku lake la mu 1991 lonena za kubweza ziyankhulo zimene zikutha, adaika pakati penipeni pa ntchito yonse sitepe imodzi, ndiyo yakuti chiyankhulo chiziperekedwa kuchokera kwa akulu kupita kwa ana m'nyumba ndi m'mudzi. Adachenjeza kuti zina zonse, kaya wailesi kaya sukulu, sizipindula kwenikweni sitepe imeneyi ikasowa. Ngati piriyodi ya mlungu ndi mlungu, yokhala ndi mphunzitsi wamoyo, siikwanira payokha, kuli bwanji chithunzi chogona m'chikwama cha pa kompyuta cha munthu amene mwina sadziwa ndi liwu limodzi lomwe?

Sindikunena kuti ojambulawo aleke. Ndikunena kuti atembenuze dongosolo, kuti mwana akhale patsogolo, lisiti pambuyo. Chithunzi chilichonse chikhale ndi liwu la munthu amene adayamwa chiyankhulocho, ndipo liwulo lisakhale la mawu amodzi okha koma la chiganizo chathunthu, kuti kusintha kwa kamvekedwe kuja kumveke. Katchulidwe kalembedwe m'malembo a Chiroma pambali pa lembo la Chitchaina, kuti mwana asaliwerenge m'Chimandarin. Wogula asunge lisiti lake, koma pangano linene poyera kuti mphunzitsi aliyense ali ndi ufulu wosindikiza chithunzicho, kuchimata pakhoma, kuchidula n'kupanga makadi, popanda kulipira. Makope a zithunzi ndi a mawu aperekedwe ku laibulale ya yunivesite kapena ya boma, imene ntchito yake ndi kusunga zinthu kwa zaka mazana, osati ku kampani imene ingatsekedwe mawa. Ndipo ndalama zikapezeka zionedwe ngati mphatso ya kamodzi, zogulira makina ojambulira mawu kapena zolipirira maphunziro a aphunzitsi, osati ngati malipiro a mwezi ndi mwezi.

Koposa zonsezi, ndikadakonda kuti zithunzizo azijambula ndi ana. Aliyense amene adayang'anirapo ophunzira athu pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa adaona kuti tchati chokongola chogula kusitolo ana amachiyang'ana tsiku loyamba, kenaka chimasanduka khoma, pamene chojambula chawo, ngakhale chikhale chokhotakhota, amachiloza chaka chonse. Mphunzitsi wa ku Tainan kapena ku George Town angatume kalasi yake kuti aliyense akafunse a-má kapena a-kong, ndiko kuti agogo aakazi kapena aamuna, mawu amodzi a kukhitchini amene sapezeka m'buku la sukulu, ndi nkhani ya tsiku limene adawagwiritsa ntchito. Mwanayo ajambule liwu la agogowo pa foni, ajambule chithunzi ndi dzanja lake, adzafotokozere anzake m'Chihokkien, ndipo anzakewo amufunse mafunso m'Chihokkien chomwecho. Phindu lenileni la ntchitoyi silili pa chithunzi. Lili pa theka la ola limene mwanayo wakhala pansi ndi agogo ake, akufunsa, akulakwitsa kamvekedwe, akusekedwa ndi kuwongoleredwa. Lilinso pa agogowo, amene kwa nthawi yoyamba aona sukulu ikubwera kudzapempha chinthu chimene sukulu yomweyo idawalanga nacho. Ngati pambuyo pake makolo ndi ana avomereza kuti zithunzi zabwino koposa zigulitsidwe monga ma NFT kuti kalasi igule zipangizo, palibe choletsa.

Njira imeneyi ikuthetsanso vuto lina limene zithunzi zopangidwira msika wa dziko lonse sizingalithetse. Chihokkien si chimodzi. Cha ku Penang chidabwereka mawu ambiri ku Chimalay, monga tapi kutanthauza koma, suka kutanthauza kukonda, ndi batu kutanthauza mwala. Cha ku Taiwan chidabwereka ku Chijapani, kotero kuti njinga yamoto ndi o͘-tó͘-bái. Ngakhale kugula kuja, kumene kumwera kwa Taiwan ndi bé, ku Xiamen ndi bóe. Wojambula wofuna ogula ambiri adzasankha katchulidwe kamodzi, kawirikawiri ka gulu lalikulu ndi lolemera, ndipo mwana wa ku Penang adzaonanso pa khoma la kalasi yake mawu amene sali a kunyumba kwawo. Mphunzitsi wosadziwa angayambe kumuwongolera mwanayo kuti atsate chithunzi, n'kumuuza kuti tapi si Chihokkien chenicheni, ndipo mwanayo adzapita kunyumba madzulo amenewo atamva kuti agogo ake amayankhula molakwika.